Khadi ya ukwati ndi mthenga, musaitume ndi mawu obwereka

Chaka china mwezi wa Seputembala ndinatumidwa kumudzi kwathu ku Ntcheu kukapereka makadi a ukwati wa mchemwali wanga. Makadiwo anali okongola, osanama: pepala lolimba, zilembo zagolide, pakati atamangapo kariboni. Nditafika kwa amayi aakulu, akulu awo a mayi anga, anandiyalira mkeka pakhonde. Tinalonjerana mpaka kufika pa za mbuzi ndi za denga lodontha, kenaka ndinatulutsa envulopu. Anailandira ndi manja awiri, naitembenuza uku ndi uku, n'kuitana mdzukulu wawo wa Sitandade 7 kuti awawerengere. Mayina mwanayo anawerenga bwinobwino. Atafika pa mzere uja wakuti "request the pleasure of your company" anaima kaye, nayang'ana kudenga, kenaka n'kunena mosakayika kuti, "Agogo, akuti akufuna kampani yanu."

"Kampani? Ine ndili ndi kampani yanji? Kapena akunena chigayo cha malemu agogo ako chija chinaferatu?"

Tinaseka mpaka misozi. Koma nditawafotokozera zonse m'Chichewa, anandifunsa funso lomwe linandithetsa phwete. Anati, "Chabwino, ndamva. Nanga malume ako alembedwa pati?" Ndinayang'ana kutsogolo kwa khadiyo, ndinayang'ana kuseri. Panali dzina la holo, mtundu wa zovala, ndime ya m'Baibulo, ngakhale dzina la amene anasindikiza makadiwo. Dzina la munthu amene analandira mawu a kuchimuna, amene anakhala pansi n'kuvomera kuti mwanayu apite, panalibe.

Kuyambira tsiku limenelo ndimayang'ana makadi a ukwati ndi diso lina. Ndawerenga ambiri, chifukwa ndine mmodzi wa anthu aja amene sakana akaikidwa m'komiti, ndipo maganizo anga ndi awa: khadi ndi mthenga. Makadi asanabwere, munthu ankatumidwa. Ankadziwa pokhala, ankadziwa kuti awa ndiyambe ndawalonjera motere, ndipo mawu ake ankamveka: andituma akutiakuti, mwana wawo uje akulowa m'banja tsiku lakuti, akuti mudzakhale nawo. Wolandira uthengayo sankatsala ndi funso. Lero ntchito imeneyi taipereka kwa kapepala, ndiye kapepalako tikukaphunzitsa kulankhula mawu amene ife eni ake sitinawalankhulepo chibadwire. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Makadi athu ambiri akukanenadi za m'maluwa, ndi maluwa omwe atajambulidwa m'mbali.

Mawu aja timakoperana khadi ndi khadiwa ali ndi kwawo. Anachokera ku mwambo wa ku England, kumene makolo a mkwatibwi ndiwo ankakonza phwando ndi kulipira, choncho iwo ndiwo ankaitana, ndipo ankalemba ngati akunena za anthu ena: bambo ndi mayi akutiakuti akupempha ulemu wa kubwera kwanu. Kwa iwo zimenezi zinali zoona, chifukwa khadi inkanena amene analidi eni phwando. Kwathu kuno ukwati suyenda choncho. Ukwati ndi wa mbali ziwiri, kuchimuna ndi kuchikazi, ndipo pakati pa mbali ziwirizi pali ankhoswe. Kwa Achewa, Amang'anja, Ayao ndi Alomwe ana amatsata mbumba ya mayi, ndipo mwini mbumba ndi malume. Ndiye taonani zomwe timachita: timalemba "Mr and Mrs" n'kuikapo dzina la bambo lokha, loyamba ndi lachiwiri lomwe. Mayi amene anabereka, amene mwanayo ndi wa mbumba yawo, amasanduka zilembo zitatu. Malume amazimiririka. Banja likadzagwedezeka patapita zaka ziwiri, anthu amene timawathamangira usiku ndi omwewo amene pakhadi tinawaiwala.

Sindikunena kuti khadi isanduke kaundula wa mudzi. Mwina malume sangalowe pa mzere woyamba, koma kamzere kakuti "ankhoswe ndi a uje kuchimuna ndi a uje kuchikazi" kamadya malo ochepa kusiyana ndi ndime ya Miyambo 18:22 yomwe aliyense akuidziwa kale. Ndipo mayi ali ndi dzina. Ngati amadziwika kuti Anaphiri kapena Anabanda, kuwalemba motero n'kuwalemekeza kuposa kuwabisa kuseri kwa dzina la amuna awo.

Pamene mawu obwerekawa amatipweteka kwambiri ndi pa nkhani ya makolo amene anatisiya. Tiyeni tinene zoona. Ambiri mwa achinyamata amene akumanga mabanja zaka zino anabadwa m'zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa m'ma 2000, nthawi yomwe Edzi inkakolola anthu ngati chimanga, mankhwala a ARV asanayambe kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma mu 2004. Ochuluka analeredwa ndi agogo, azakhali, amayi aang'ono, kapena mkulu wawo amene anasiya sukulu kuti azing'ono ake adye. Koma chikombole cha khadi chimafuna bambo ndi mayi basi. Ndiye timaona zodabwitsa: malemu awiri "akupempha ulemu wa kubwera kwanu" ngati kuti adzatilandira pakhomo la holo. Nthawi zina, pofuna kuti khadi ioneke yokwanira, amabwereka achibale olemera a m'tauni kuti akhale "makolo", pomwe gogo amene anagulitsa mandasi zaka khumi ndi zisanu kuti mwanayu aphunzire adzakhala kumbuyo, pafupi ndi masipika.

Chichewa chili ndi njira yosavuta yonenera zimenezi popanda bodza komanso popanda kunyoza wina. "Banja la malemu a uje likukuitanani." Pamenepo woitana ndi banja, lomwe lilipo, ndipo malemuwo atchulidwa mwaulemu. Kapena: "Uje, mwana wa malemu a uje ndi a uje, amene analeredwa ndi agogo ake a uje." Ndinaonapo khadi yolembedwa chonchi kamodzi kokha, ndipo ndinamva kuti gogo wake ankaionetsa kwa aliyense wobwera pakhomo, ngakhale mwini wake sankadziwa kuwerenga. Ankangoloza ndi chala pomwe anamuuza kuti pali dzina lake.

Chimodzimodzinso kumene makolo anasiyana. Bambo anachoka mwana ali ndi zaka zitatu, anakwatira kwina, lero atulukira chifukwa amva za ukwati. Mukalemba "Mr and Mrs" anthu amafunsana m'makona: akunena mayi ake ati, omubereka kapena omupeza? Lembani mayina awiri paokhapaokha, a uje ndi a uje, osawamanganso ukwati umene unatha kalekale. Pa mitala napo mpofunika kutchula mayi weniweni. Nkhani zotere ndi zomwe zimautsa mikangano m'makomiti, ndipo nthawi zambiri anthu amathawira ku Chingerezi chifukwa chimabisa. Ine ndikuti kubisako n'kumene kumadzaphulika tsiku la madyerero, wotsogolera mwambo akati "makolo a mkwatibwi aimirire" n'kuimirira anthu asanu.

Pali chinthu chimodzi chomwe Amalawi tinawonjezera tokha pa chikombole chachizunguchi, ndipo ndimachikonda: kulemba mudzi, mfumu yaikulu ndi boma la banja lililonse. Achinyamata ena okonza makadi pakompyuta ayamba kuchichotsa, ati chimadzaza malo ndipo ndi chachimidzi. Akulakwa. Munthu kuno sadziwika ndi dzina lokha. A Phiri alipo ku Kasungu, ku Dedza, ku Nkhotakota, ku Chipata ndi ku Tete komwe. Mzere wa mudziwo ndi umene umauza wolandira khadi kuti awa ndi a Phiri ake ati, ndiponso ndi umene umachititsa nkhalamba ina kudzidzimuka n'kunena kuti, "Imani kaye, ana awa si pachibale?" Ndi bwino funso limeneli lifunsidwe makadi akuyenda kusiyana ndi kufunsidwa mwana woyamba atabadwa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 mwa 100 alionse m'dziko muno amakhala kumudzi. Ngakhale ife a ku Area 25 ndi ku Chilomoni, maliro athu akalengezedwa pa wailesi, amatchula mudzi ndi mfumu, ndipo amalengeza m'chilankhulo chomwe aliyense amve. Bwanji uthenga wa chisoni timaufuna womveka, koma wa chisangalalo timauvundikira?

Ndikudziwa zomwe ena ayankhe, ndipo yankho lawo si lopanda pake. Akuti Malawi si Achewa okha. Mnyamata wa ku Rumphi akukwatira mtsikana wa ku Mulanje. Mukalemba khadi m'Chichewa, a kuchimuna aona ngati mwawapondereza. Zimenezi zili ndi mbiri yake. Mu 1968 boma la Kamuzu Banda linakweza Chichewa kukhala chilankhulo cha dziko, Chitumbuka n'kuchotsedwa pa wailesi, ndipo chinabwereranso mu 1994. Alipo akuluakulu kumpoto amene chilondacho sichinapole, moti kwa iwo Chingerezi ndi bwalo lopanda mwini. Ndikuvomereza. Komanso ndi bwalo lomwe agogo a ku Rumphi ndi agogo a ku Mulanje onse awiri amaima kunja kwake. Kufanana kwake n'kwakuti onse sakumva. Masiku ano khadi imakonzedwa pakompyuta, kusintha mawu ndi ntchito ya mphindi khumi. Sindikizani makumi atatu m'Chitumbuka, makumi asanu m'Chichewa, otsalawo m'Chingerezi a anzanu a kuntchito ndi abwana. Ngati ndi nikah, ukwati wa Chisilamu, ya ku Mangochi kapena ku Machinga, Chiyao chilipo. Mthenga wanzeru akafika pakhomo amalankhula chilankhulo cha pakhomopo. Amene amati zimenezi n'zodula ndi omwewo amene amalipira ndalama zambiri kuti envulopu ikhale ndi chidindo cha phula.

Ena akuti Chichewa sichimveka chaulemu pakhadi, chimamveka ngati chikalata cha msonkhano wa makuponi. Awa ndi amene ndimalimbana nawo kwambiri, chifukwa vuto si chilankhulo ayi, ndi ulesi womasulira liwu ndi liwu. Ukatenga chiganizo cha Chingerezi n'kuchiveka Chichewa, chimatulukadi chopunduka: "akupempha chisangalalo cha kupezeka kwanu." Ndani amalankhula choncho? Koma mvetserani mkulu wa mpingo akamalengeza ukwati pa Sabata, kapena nkhoswe akamayamba mawu pa chinkhoswe. Ulemu wake ndi wolemera kuposa zilembo zagolide. Chichewa chili ndi "a" waulemu, chili ndi "inu", chili ndi kusiyana pakati pa "mubwere", lomwe ndi lamulo, ndi "mudzakhale nafe", lomwe ndi pempho. Chili ndi kudalitsa ukwati, kumanga woyera, kulowa m'banja, kuchitira umboni, madyerero. Khadi yonse ikhoza kuyenda motere:

"Ife a banja la a uje a m'mudzi mwa ujeni, Mfumu Yaikulu Kwataine, ku Ntcheu, pamodzi ndi a banja la malemu a uje a m'mudzi mwa ujeni, Mfumu Yaikulu Kaphuka, ku Dedza, tikukupemphani inu a uje kuti mudzakhale nafe pa ukwati wa ana athu, uje ndi uje. Ukwati udzadalitsidwa Loweruka pa 10 Okutobala, 8 koloko m'mawa, ku tchalitchi chakutichakuti. Madyerero adzayamba 1 koloko masana ku holo yakutiyakuti. Khadi iyi ndi ya anthu awiri. Mutidziwitse pasanafike pa 26 Seputembala ngati mudzabwere, kuti tikusungireni mpando ndi mbale."

Werengani mokweza mumve ngati pali pochititsa manyazi. Chokhacho ndingachenjeze ndi chakuti Chichewa cholemba chimafuna diso. Ambirife tinasiya kuchilemba titangomaliza Fomu 4, ndipo pafoni timalemba mmene tafunira. Malamulo a kalembedwe alipo. Chichewa Board inawatulutsa mu 1973 n'kuwakonzanso kenaka, ndipo ntchitoyi inapita ku Centre for Language Studies ku Zomba. Simukusowa kupita ku Zomba, mphunzitsi wa Chichewa wa pasukulu yapafupi akwanira. Mwamuna amakwatira, mkazi amakwatiwa, awiriwo amakwatirana. Pa liwu lomalizali, zilembo ziwiri zikangogwa pakati, khadi yanu idzanena zinthu zomwe sizinenedwa pamaso pa apongozi. Ndinaziona zitachitika pa chikwangwani cha chinkhoswe china, ndipo anachitsitsa alendo atayamba kale kujambula.

Pa chinkhoswe pomwepo ndionjezepo pang'ono. Makadi ambiri amachitcha "engagement", ngati kuti ndi kungovekana mphete. Kwa anthu akumudzi, ankhoswe akasinthana tambala ndi msoti, khasu, nkhwangwa, lichero ndi mthiko n'kuperekedwa, mawu amangidwa. Lamulo la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wa pachikhalidwe mofanana ndi wa kutchalitchi kapena wa kwa DC. Ndiye chinkhoswe chitchuleni kuti chinkhoswe. Liwuli silifuna womasulira.

Za tsiku ndi nthawi sindichedwapo. Lembani dzina la tsiku pamodzi ndi deti, ndipo samalani ndi liwu lakuti Sabata. Kwa a CCAP "pa Sabata" ndi Lamulungu, kwa a Seventh Day ndi Loweruka, ndipo a Seventh Day maukwati awo amakonda kuchita Lamulungu. Munthu akhoza kufika holo itasesedwa kale. Nthawi nayo ikhale yoona. Tonse tikudziwa kuti khadi ikati 1 koloko, akwati amafika cha m'ma 3 atatha kujambulitsa m'maluwa a ku hotela. Olemba amati timalemba 1 kuti anthu afike 2, alendo nawo amati alemba 1 ndiye tifike 3. Tikunamizana tokhatokha, ndipo wolangidwa ndi mphunzitsi wopuma ntchito uja amene amakhulupirirabe zolembedwa, amene 12:45 amakhala atakhala kale pampando ndi jekete lake, m'holo yotentha ya mwezi wa Okutobala.

Tsopano pa nkhani yovuta: ndani akuitanidwa, ndipo angati. Kumudzi funsoli kulibe. Ng'oma ikalira, nthungululu zikamveka, aliyense ndi mlendo, thobwa limaphikidwa m'migolo. M'tauni mpando uli ndi mtengo, mbale ili ndi mtengo, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengoyo inakwera moti ngakhale mabanja opeza bwino anayamba kuwerenga mitu. Chizolowezi chowerengachi chinalimba nthawi ya Covid, pamene mu Malichi 2020 boma linaletsa misonkhano ya anthu oposa 100, maukwati omwe. Ine sindidzudzula banja lomwe lasankha kuitana anthu ochepa. Walira mvula walira matope. Ukaitana mzinda wonse, ngongole yake udzaibweza mwana ali ku sukulu ya mkaka. Chimene ndimadzudzula ndi kubisa malirewo m'timawu ting'onoting'ono ta Chingerezi pansi pa khadi.

Ndinaimapo pakhomo la holo ina ku Lilongwe, ndili ndi mndandanda m'manja, pambali panga pali mnyamata wa chitetezo wa kampani ina. Kunafika mayi wina atavala chitenje chatsopano, mwana kumsana, wina wa zaka ngati zisanu ndi ziwiri atamugwira dzanja, pamutu dengu la ufa woyera lokutidwa ndi nsalu. Anaonetsa khadi yake. Mnyamata uja analoza pansi pa khadiyo pomwe panalembedwa "admits one, no children". Mayiyo anayang'ana chala cha mnyamatayo, osati mawuwo, n'kunena motsitsa kuti, "Achimwene, ine ndachokera ku Mitundu. Anawa ndiwasiye kuti?" Anali mlamu wake wa mayi a mkwati. Tinamulowetsa, inde, koma nkhope yake inali itagwa kale, ndipo sanavine perekaniperekani tsiku lonse. Khadiyo ikanati, "Pepani, ku holo malo ndi ochepa, ana tidzasangalala nawo kutchalitchi ndi kunyumba," mayiyo akanakonzekera, kapena akanaimba foni kupempha. Onani kuti m'Chichewa simungathe kulemba "ana ayi" osaika "pepani" ndi chifukwa chake. Chilankhulocho chimakukakamizani kukhala munthu. Chingerezi cha pakhadi chimakulolani kukana m'bale wanu ndi mawu awiri, osamva kuwawa.

Ndalama nazo zalowa pakhadi. Masiku ano upeza pansi pake nambala ya Airtel Money, ya Mpamba, ya akaunti ya kubanki, nthawi zina ndi mawu akuti mphatso ikhale ndalama basi. Apa maganizo anga ndi osiyana ndi a anzanga ambiri achikulire amene amati n'zochititsa manyazi. Ife Amalawi sitinabisepo kuti ukwati ndi kuthandizana. Perekaniperekani timavina poyera, lichero lili patsogolo, wotsogolera mwambo akuitana magulu: a kuchimuna, a kuchikazi, a kuntchito, a kwaya, oyandikana nawo nyumba. Kupatsa n'kuika. Ndiye kunamizira kuti ndalama siikhudzana ndi ukwati ndi chizungu chomwe sitinachimvetse. Vuto ndi malo ake. Mthenga akafika pakhomo sayamba ndi kutambasula dzanja. Khadi yoitana ndi ina, pepala lopempha thandizo ndi lina, ndipo lachiwirilo limapita kwa anthu amene muli nawo pa ubale wotha kuwapempha. M'bale wa ku Joni kapena ku Leeds amene sangabwere, mutumizireni nambala pambali, adzatumiza pa Mukuru mosangalala. Koma mukaika nambala zitatu pakati pa khadi, zazikulu kuposa dzina la tchalitchi, mayi wa ku Mitundu uja amawerenga kuti ufa wake sukufunika.

Za mitundu ya zovala ndingoseka. Khadi ina inati alendo avale "dusty rose" ndi "champagne". Mkazi wanga anazungulira m'misika ya kaunjika masiku awiri akufunsa, ogulitsa n'kumamuonetsa chilichonse kuyambira chofiira mpaka chakhaki. Pa tsikulo aliyense anabwera ndi "dusty rose" wakewake. Ngati mtunduwo simungathe kuutchula m'Chichewa, ikani kachidutswa ka nsalu kapena nenani kuti chitenje cha ukwati chikupezeka kwa uje pa mtengo wakuti. Ndipo nenani ngati n'chokakamiza kapena ayi. Mfumu ya m'fanizo la pa Mateyu 22 inatulutsa kunja munthu wopanda chovala cha ukwati, koma inu si mfumu imeneyo, ndipo alendo anu ena ali ndi suti imodzi yomwe amavala ku maukwati ndi kumaliro komwe.

Zilembo zinayi zija, RSVP, ndi Chifalansa, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti chonde yankhani. Kwathu kuno zinasanduka mutu wa mndandanda wa anthu odziwika a m'banjamo. Pansi pake pamalembedwa mayina anayi, awiri kuchimuna awiri kuchikazi, osankhidwa chifukwa cha maudindo awo, ena mwa iwo osadziwa n'komwe kuti holo ili kuti. Palibe amene amaimba kuti ayankhe, chifukwa palibe amene anauzidwa kuti akuyenera kuyankha. Kenaka komiti imadandaula kuti Amalawi sayankha makadi. Munawapempha liti? Lembani kuti "mutidziwitse ngati mudzabwere", ikani tsiku lomaliza, ndi nambala ya munthu amene amayankhadi foni.

Makadi ambiri tsopano akuyenda pa WhatsApp, ndipo ine ndilibe nazo vuto. N'zotchipa, zimafika ku Mzuzu ndi ku Cape Town nthawi imodzi. Koma chithunzi chopanda dzina la woitanidwa si kuitana, ndi chidziwitso. Chimatumizidwa kuchoka gulu lina kupita gulu lina mpaka anthu a mpingo wonse amadziona oitanidwa, ndiye mudzawaimika pakhomo ndi mnyamata wa chitetezo. Lembani dzina la munthu pa khadi yake, ngakhale ikhale ya pafoni. Kwa amene kuwerenga kumawavuta, jambulani mawu, mulankhule nokha ndi pakamwa panu. Ndipo pali anthu amene khadi, kaya yapepala kaya yapafoni, siikwanira: agogo, malume, azakhali, amfumu a m'mudzi. Awa mumapita nokha kapena mumatuma munthu wamkulu, khadi imangotsatira pambuyo ngati chikumbutso. Amayi aakulu aja anabwera ku ukwati wa mchemwali wanga chifukwa ndinakhala pa mkeka wawo, osati chifukwa cha zilembo zagolide. Khadiyo anaiika m'buku lawo la nyimbo, ndipo ili momwemo mpaka lero pamodzi ndi makadi a ubatizo.

Patapita zaka zingapo, mng'ono wanga naye anapeza banja, ndipo ulendo uno ndinaumirira kuti mawu a pakhadi ndilembe ndine. Komiti inavuta. Wina anati zidzaoneka ngati ukwati wa anthu osaphunzira, wina anati apongozi ndi anthu a maudindo. Tinagwirizana kusindikiza mitundu iwiri. Tisanapite kosindikiza ndinakwera minibasi ndi pepala lolemba pamanja, kukawawerengera amayi aakulu kuti ndimve ngati pali potsala. Anamvetsera maso ali otseka. Pa dzina la malume anagwedeza mutu. Pa dzina la mayi anga, lomwe ndinalemba ndi mfunda wawo, anamwetulira. Nditamaliza anakhala chete pang'ono, ine n'kumadikira kuyamikiridwa.

"Zamveka," anatero. "Koma ife ochokera kuno, galimoto idzatitenga pati, nthawi yanji? Nanga tikagona kwa yani?"

Panalibe amene anaganizapo za zimenezo m'komiti yonse ya anthu khumi ndi awiri. Ndinabwereka cholembera cha mdzukulu uja, yemwe tsopano anali ku sekondale, n'kuwonjezera mizere iwiri kuseri kwa pepalalo: lole idzanyamuka pa sitolo ya pamphambano Lachisanu 10 koloko m'mawa, ndipo a kumudzi adzafikira kunyumba kwa malume ku Kawale.